Mwawabweza kwawo kwa Kasakula, nanga ululu wawo mwausiyira yani?

Usiku wa kwa Kasakula umatalika ukakhala ndi wodwala m'nyumba. Mphepo ya m'mapiri a Ntchisi ikayamba kulowera pansi pa chitseko mwezi wa Juni, mudzi wonse uli zii, kubuula kwa munthu mmodzi kumamveka mpaka nyumba yachitatu. Anansi amamva. Amatembenuka pamphasa n'kudikira kuti kuche. M'mawa amafika ndi kambale ka phala, n'kufunsa ali pakhomo kuti, "Agona bwanji odwala?" Yankho ndi lomwe lija la dzulo: "Pang'onopang'ono." Wofunsa akudziwa kuti si zoona. Woyankha akudziwanso. Wodwala ali m'katimo akumva zonse.

Inu amene muli ndi udindo pa zaumoyo m'dziko muno, kuyambira ku Capital Hill mpaka kukhonsolo ya Ntchisi, kubuula kumeneku mumakudziwa? Munthu ameneyu anadutsa m'manja mwanu. Dzina lake lili m'kaundula wa chipatala. Munamupima, munaona kuti matenda afika poti sangachizike, munamubweza kwawo. Kodi pomubwezapo munamupatsa chiyani? Munamuuza chiyani? Ndani mwa inu anafunsako sabata yotsatira ngati akugona tulo?

Ndinaziona pa azakhali anga. Anayamba kutaya magazi atasiya kale kusamba, ndipo anabisa kwa miyezi chifukwa nkhani zotere mayi wamkulu sauza ana. Pomwe tinkawafikitsa kuchipatala chachikulu cha mumzinda, khansa ya khomo la chiberekero inali itayala kale. Wachipatala anaitanira pambali mwana wawo wamkazi, yemwe ankawadikirira, n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Apite akapume kunyumba." M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa mizere itatu ya Chingerezi yomwe palibe wa m'banjamo anatha kuimasulira. Tinabwerako ndi Panado m'kapepala ka pulasitiki. Ali m'galimoto azakhali anafunsa, "Kodi adokotala aja ati chiyani?" Tinawayankha kuti ati mukhala bwino. Ineyo ndinali m'gulu la oyankha choncho, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chifukwa choti palibe anatchula dzina la matendawo, banja linapitiriza kufunafuna machiritso. Mbuzi zitatu zinapita kwa sing'anga. Matumba a soya amene anasungidwira fizi ya mdzukulu anathera pa ulendo wopita kwa mlaliki wina amene ankalonjeza zozizwitsa. Fungo la chilonda litayamba, alendo ankakhala panja, ndipo azakhali anayamba kupepesa aliyense wolowa m'chipinda chawo. Anamwalira atatha miyezi inayi osagona tulo tokwanira, osauzako munthu za ng'ombe yawo, za nyumba yawo ya malata, kapena za amene adzalere mwana wamasiye amene ankamusunga. Pamaliro pawo panali anthu mazanamazana, makwaya, mafumu, ndi malankhulidwe ambirimbiri.

Musatiuze kuti simudziwa chochita. Mukudziwa, ndipo munasainira. Mu Meyi 2014 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ku Geneva unagwirizana kuti kusamalira odwala matenda osachizika ndi kuwachepetsera ululu ndi gawo la ntchito ya zaumoyo ya boma lililonse, makamaka pazipatala zazing'ono ndi m'midzi. Malawi ndi membala wa bungwelo. Chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unatulutsa ndondomeko yakeyake ya chisamaliro chimenechi. Bungwe la PACAM lakhala likulimbikitsa ntchitoyi kuyambira 2005. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe inayamba mu 2003, ndiponso ya Umodzi yosamalira ana. Kutsetserekera kunyanja, ku Salima, namwino Lucy Finch anatsegula malo a Ndi Moyo mu 2007, ndipo antchito ake amayendera odwala m'makomo mwawo. Kawuniwuni wa mayiko onse wa chaka cha 2017 anaika Malawi m'gulu la pamwamba, la mayiko amene chisamalirochi chalowa bwino m'ntchito zaumoyo. Anthu amene anagwira ntchito kuti tifike pamenepo ayenera kuthokozedwa ndi mtima wonse.

Koma ulemu umenewo umafika kwa Kasakula? Mayi amene wagona pamphasa kuseri kwa phiri akupindula nawo chiyani? Ndondomeko ya 2014 ija, ndi anamwino angati a m'zipatala zazing'ono za m'boma la Ntchisi amene anaigwirako m'manja? Ndi angati anaphunzitsidwa, ndipo mwa ophunzitsidwawo ndi angati akadali pamalo pomwepo, osasamutsidwa kapena kupatsidwa ntchito ina? Mwezi watha, ndi zipatala zingati za m'bomali zomwe zinali ndi botolo la mofini, mankhwala ochepetsa ululu, pashelefu? Mafunso amenewa ali ndi mayankho ake, ndipo mayankhowo ali m'mafayilo anu. Bwanji simuwamata pakhoma kuti tonse tiwerenge?

Tiyeni tikhalepo pang'ono pa mofini, pakuti apa ndi pamene zifukwa zanu zimathera. Mofini wakumwa si mankhwala a anthu olemera. Ndi ufa umene umasungunulidwa m'madzi n'kuthiridwa m'botolo. Sufuna magetsi, sufuna jakisoni, sufuna bedi la m'chipatala. Wodwala amamwa mlingo wake pa maola anayi alionse, ndipo mwana wake amene anafika Sitandade 6 angathe kuphunzitsidwa kumuyezera. Mankhwalawa amadzimbitsa m'mimba, inde, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi mankhwala ofewetsa. Anthu amaopa kuti amafulumizitsa imfa, koma akaperekedwa pamlingo woyenera kwa munthu amene ali mu ululu, chimene amachita ndi kum'bwezera tulo, chilakolako cha phala, ndi mphamvu zolankhula ndi ana ake. Fungo lija limene linkachititsa manyazi azakhali anga nalonso lili ndi mankhwala ake: mapiritsi a Flagyl ophwanyidwa n'kuwazidwa pachilonda amalichepetsa m'masiku ochepa. Mapiritsi wamba amenewa ife sitinauzidwe.

Ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 ndi mofini wa m'botolo yemweyu. Mu 2004 dzikolo linasintha malamulo ake kuti anamwino ndi makiliniko ofesa ophunzitsidwa mwapadera azitha kulembera odwala mankhwalawa, chifukwa linazindikira kuti kumudzi kulibe madokotala. Uganda si dziko lolemera. Nanga ife, namwino amene ali yekha pachipatala chaching'ono cha m'mapiri, kodi ali ndi maphunziro, chilolezo, ndi kabati yokhoma yoti asungiremo mankhwalawa? Ngati alibe, mukuyembekezera kuti wodwala achite chiyani? Akwere kabaza ya njinga yamoto, mayi wotaya magazi, kudutsa m'miyala ndi m'matope a dzinja, kuti akatenge botolo limodzi kuboma? Likatha abwererenso? Ndalama ya ulendowo aitenga kuti, poti amene ankalima fodya ndi mtedza pakhomopo ndi yemweyo wagonayo, ndipo womudikirira naye wasiya khasu?

Mudzati mankhwalawa ndi oopsa, amafuna kulondoloza kwambiri kuti asabedwe. Zoona. Koma dziko lino linachitapo kale chinthu chovuta kuposa chimenechi. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Panthawiyo ambiri ankati sizingatheke kumudzi: anthu saphunzira, sasunga nthawi, mankhwala adzasowa. Lero ma ARV amapezeka m'zipatala zazing'ono, ali ndi kaundula wake, tsiku lake, ndi anthu otsatira amene wasiya kumwa. Ngati munatha kufikitsa ma ARV kuseri kwa mapiri, mofini wakukanikani pati? Kapena kusiyana kwake n'koti womwa ma ARV akhala ndi moyo ndipo adzawerengedwa m'lipoti, pamene wofuna mofini akupita ndipo sadzadandaula? Munthu amene wasala ndi miyezi itatu sali m'gulu la nzika zanu?

A WHO amati padziko lonse anthu 14 okha mwa 100 alionse ofuna chisamaliro chotere ndi amene amachilandira. Ife tili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kummero zikupha anthu kwambiri, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Kwa zaka zambirimbiri tinalibe ngakhale makina owotchera khansa, moti odwala ochepa amwayi ankatumizidwa kunja pamene ena onse ankadikira pamndandanda. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019 adzapulumutsa ana athu, ndipo kholo lililonse lipititse mwana wake. Koma amayi awo akudwala lero. Palinso ofa ziwalo atadwala sitiroko, odwala mtima ndi impso, ndi agogo amene maganizo awo asokonekera ndi ukalamba mpaka ena kumawanena kuti ndi mfiti. Onsewa ali m'nyumba zathu.

Chifukwa chachiwiri chimene mumakonda ndi chikhalidwe. Mumati Achewa salankhula za imfa, kuti kumuuza munthu zoona ndi kumulosera zoipa, ndi kumufooketsa, mwinanso kumulodza. Ndani anakuuzani zimenezi? Kuno kwa Kasakula, monga m'madera onse a Ntchisi ndi Dowa, imfa ili ndi dongosolo lake lonse. Pali wokanena zovuta kwa amfumu. Pali adzukulu odziwa kukumba manda ndi kusamalira thupi. Pali amene amagona pa siwa, pali kumeta, pali gule wotsazika munthu wa kudambwe, pali amayi a Chigwirizano oimbira mkhristu mnzawo usiku wonse. Patapita nthawi banja limasonkhananso kudzamanga chiliza. Mtundu wotere ungakhale woopa kutchula imfa? Makolo athu ankati akaona kuti mphamvu zatha, ankaitanitsa mbumba n'kusiya mawu: uyu atenge khasu langa, uyu asadzachotsedwe pamudzi pano, mudzandiike pafupi ndi mayi anga. Mawu amenewo ankalemekezedwa, ndipo wowaphwanya ankaopa. Chimene chasintha n'choti masiku ano amene amadziwa kuti nthawi yayandikira ndi wachipatala, ndipo iye sanena. Munthu angasiye bwanji mawu pamene aliyense akumuuza kuti achira?

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Pa ngozi ya pamsewu mwambiwu ndi woona. Koma khansa imaimba ng'oma kwa miyezi, ndipo inu achipatala ndi amene mumayamba kuimva.

Sindikunena kuti wodwala aziuzidwa mwankhanza, pakhonde, anthu akudutsa. Kuuza munthu nkhani yotere ndi luso, ndipo limaphunzitsidwa. Umakhala naye pansi. Umayamba wamufunsa chimene iye akuganiza za matenda ake, ndipo nthawi zambiri umapeza kuti akudziwa kale, akungosowa womuvomereza. Umamufunsa ngati akufuna kumva zonse, ndi amene akufuna akhalepo. Wina adzati uzani mwana wanga, ine sindifuna kumva, ndipo umenewo ndi ufulu wake. Koma asankhe yekha. Tinaphunzira kale kuchita zimenezi pa HIV. Panali nthawi imene tinkangoti "matenda a boma" kapena "kaliwondewonde", tikunong'ona. Kenako munamanga tizipinda ta uphungu, munaphunzitsa aphungu, ndipo lero munthu amauzidwa zotsatira za magazi ake pamaso, mwaulemu. Bwanji wodwala khansa alibe kachipinda kotero? Ndikudziwa kuti kiliniko ofesa amene akudikiridwa ndi mzere wa anthu mpaka panja alibe theka la ola loti akhale ndi munthu mmodzi. Sindikumuimba mlandu iye. Ndikufunsa inu amene munamusiya yekha: theka la ola limenelo munaliika pati m'mapulani anu?

Mmalawi aliyense wopita kuchipatala amanyamula kabuku kake. Mwalembedwa sikelo, katemera, malungo onse amene anadwalapo. N'chiyani chingakuvuteni kuikamo tsamba limodzi, la m'Chichewa, la munthu wodwala matenda a mgonagona? Ndikadzalephera kulankhula, wondiyankhulira ndi uyu. Zinthu zikadzafika poipa, ndikufuna kukhala kunyumba, kapena ndikufuna kubwerera kuchipatala. Ana anga adzakhale ndi uyu. Pakali pano mafunso amenewa amayankhidwa pakati pa usiku, ndi achibale ogawanika, wina akuti tipite nawo kuchipatala, wina akuti asiyeni, wina ali pafoni kuchokera ku Johannesburg kulamula zinthu zimene sakuziona. Amabwereka ndalama ya katapila, amanyamula munthu wotheratu pagalimoto ya matola, ndipo amakamwalirira panjira kapena pabenchi yodikirira, kutali ndi nyumba imene ankafuna kutsekeramo maso. Kenako ngongole ina yobweretsera thupi. Ndani anapindula ndi ulendo umenewo?

Inu aphungu ndi makhansala, ndili nanu funso limodzi lokha. Bokosi mumagula, galimoto yonyamula maliro mumatumiza, ndipo dzina lanu limatchulidwa pamanda. Munayamba mwagulako mafuta a njinga yamoto kuti namwino akaone munthu yemweyo akadali moyo?

Kwa inu mafumu ndiyankhula mwaulemu, poti ndinu eni mudzi, ndipo palibe manda amene amakumbidwa inu musanalole. Koma ulemu womwewo ukundikakamiza kufunsa. Milandu ingati mwaweruza pabwalo lanu yomwe gwero lake ndi munthu amene anapita osasiya mawu? Mkamwini wamwalira, abale ake akuti thupi lipite kwawo, ana akuti bambo athu aikidwe pano, maliro akuchedwa dzuwa likuswa mtengo. Mayi wa chitengwa wafedwa, milungu isanathe alamu ake abwera kudzazula malata ndi kutenga ngolo. Dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011. Limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Limalolanso munthu wamkulu aliyense kulemba wilo, n'kusainira pamaso pa mboni ziwiri. Sipafunika kukhala ndi sitolo kapena galimoto. Njinga, nkhumba, masheya a ku banki m'khonde, ndalama zimene zili mufoni pa Mpamba kapena Airtel Money zomwe nambala yake yachinsinsi akuidziwa mwini yekha, zonsezi ndi chuma, ndipo zonsezi zimadanitsa abale. Anthu anu akulidziwa lamuloli? Munaliwerengetsako pamsonkhano wa mudzi? Mumatha kuika lamulo loti pakhomo palipose pakhale chimbudzi, ndi loti mayi woyembekezera akachilire kuchipatala, ndipo anthu amamvera. Mutanena inu pabwalo kuti kulemba wilo si kudziitanira imfa, ndani angatsutse? Mutayamba inu kulemba yanu, anthu akuona, ndi angati angatsatire? Amalume, eni mbumba, funso lomweli ndi lanunso.

Abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo, inu mumalowa m'nyumba zimene wachipatala safikako. Ulaliki wa imfa mumautha, koma mumaulalikira kumanda, womvera woyenera atatsekeredwa kale m'bokosi. Pamene ali moyo mumamuuza kuti alimbe mtima, achira. Ena mwa anzanu amafika pomuuza kuti kukonzekera imfa ndi kuchepa chikhulupiriro, ngakhale kumuletsa mankhwala. Mumawadzudzula? M'Baibulo lomwe mumanyamulalo, Yakobo anaitana ana ake ali pafupi kumwalira n'kuwauza za malo omuika, ndipo mneneri Yesaya anapita kwa mfumu Hezekiya kukamuchenjeza kuti akonze za banja lake. Anali opanda chikhulupiriro amenewa? Munthu amene akufuna kupepesa m'bale wake, kubweza ngongole, kudalitsa adzukulu ake, mukamutseka pakamwa ndi mawu akuti "musalankhule choncho", mwamuthandiza kapena mwamulanda mwayi wake womaliza?

Ndipo pali munthu mmodzi amene nonsenu simumuona: wodikirira. Kawirikawiri ndi mkazi, nthawi zina ndi mtsikana amene wasiya sukulu. Ndiye amachapa nsanza za magazi kumtsinje m'bandakucha anthu asanadzuke, opanda magolovesi, sopo atatha. Ndiye amatembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda za pamsana, ngati wina anamuuzako kuti zimafunika kutero. Nthawi imene Edzi inkapulula anthu, m'midzi yambiri munali magulu a anthu odzipereka oyendera odwala m'makomo, atanyamula kachikwama ka mankhwala ndi mabandeji. Ambiri anafooka mabungwe owathandiza atachoka. Anthu amenewo akadalipo, luso lawo likadalipo. Alangizi a zaumoyo nawo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo. Mukudikira chiyani kuti muwalumikize ndi namwino wodziwa za ululu? Mukudikira bungwe lina lakunja kuti lidzatikumbutse kuti odwala athu akubuula?

Loweruka lachiwiri la Okutobala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira chisamaliro cha odwala matenda osachizika. Chaka chino musatipatse malankhulidwe ndi matisheti okha. Bwerani kwa Kasakula ndi mayankho olembedwa. Tiuzeni kuti ndi odwala angati amene anabwezedwa kumidzi ya kuno chaka chatha matenda awo atapezeka kuti ndi osachizika, ndi angati mwa iwo anayenderedwa ngakhale kamodzi. Tiuzeni tsiku la sabata limene wodikirira angapite pachipatala chapafupi n'kubwerako ndi botolo m'manja. Tiuzeni nambala ya foni imene angaimbe ululu ukakula pakati pa usiku, ndi dzina la udindo wa munthu amene adzayankhe. Tiuzeni kuti m'bajeti ya zaumoyo ya khonsolo ntchito imeneyi yapatsidwa ndalama zingati, ndipo ngati palibe, mutiuze amene anaganiza kuti isapatsidwe.

Sabata ino, pachipatala china, wachipatala aitaniranso pambali mwana wa munthu wina wa kuno. Mayi wake ali pabenchi, wagwira kabuku kake m'manja, akuwayang'ana awiriwo akunong'onezana. Akakwera galimoto adzafunsa kuti adokotala ati chiyani. Mwamukonzera yankho lanji?